Ndinapita ku Chipata Kukagula Nkhope ya aZimba

Sendelani kuno, inu, musakhale kutali ngati ndinakubelani mbuzi. Kokani mphasa, lichelo la nshawa likhale pakati, manja aziswa makutu azimva. Ena mwa inu nkhaniyi munaimva kale, koma munaimva kwa anthu oonjezela. Lelo muimve kwa ine nyaMtonga, mwini wake wa uchitsilu.

Zinayambila pa malilo a aMwale, a kutsidya kwa dambo. Mukudziwa masiku ano bokosi silinyamuka lokha, patsogolo pamayenda munthu atanyamula chithunzi cha womwalilayo. Ana a aMwale anasakasaka m'nyumba, chithunzi osachipeza, ndiye anatenga chitupa cha atate awo kukakulitsa ku boma. AMwale aja, munthu woseka mpaka mano a m'mbuyo kuonekela, anatsogolela malilo awo ali tong'oo, ngati awagwila ndi nkhuku ya eni m'thumba. Mayi wina wa ku Mphamba anandikodola n'kunong'ona kuti, "Amama, kodi sitinasokele malilo?"

Ine mtima unali kunyumba. Ndinali nditasiya aZimba, amuna anga, miyendo itatupa ngati mitondo. Kuchipatala anali atatibweza ndi mapilisi ndi mawu ofewa, ndipo mawu ofewa a kuchipatala tonse timadziwa chimene amanena. Nditangofika ndinatsegula sutikesi, n'kutulutsa chitupa chawo. Mayo ine! Mvula inachilowa chaka china ali ku ng'ombe, nkhope inasungunuka yonse. Panatsala makutu ndi kolala.

"AZimba, mujambulidwe."

"Wayamba kundikumbila ndili moyo?"

"Sindikukumbilani. Koma mukatsogola ndi makutu okhaokha, anthu adzati ndinakwatiwa ndi mleme."

Mlamu wanga nyaNgoma anati aitane mwana wake awajambule ndi foni. AZimba anagunditsa ndodo pansi.

"Foni ya ameneyo si ija inagwela m'dibi la ng'ombe, n'kupita ndi ukwati wonse wa mlongo wake? Chithunzi chosagwilika m'manja si chithunzi. Ndipo palibe munthu wa kunja adzandilozele chinthu kumaso ine nditafooka chonchi. Ukafuna, undijambule iwe wekha, nyaMtonga."

Anaseka, poganiza kuti andithela nzelu. Anaiwala kuti ndili ndi Esinati, mwana wanga wogulitsa zitenje ku Chipata. Ndinamuimbila pa foni ya nyaNgoma.

"Amama, bwelani," anatelo Esinati. "Kamela ndikugulilani, koma imodzi yokha, ndipo musankhe nokha. Ndikakusankhilani ine mudzandinena mpaka Khisimisi, ngati za nsapato zija."

Ndinasiya odwala m'manja mwa nyaNgoma, n'kumanga kamba wanga: kandolo wophika, amene ena amati mbatata, nshawa zokazinga, ndi nkhuku yootcha ya Esinati. Kuchoka kwathu ku Magodi kupita ku boma ndinakwela njinga yamoto. Ndinali ndisanaikwelepo. Ndinamukumbatila mwini njinga m'chiuno mwamphamvu moti tili panjila anaima n'kunena kuti, "Agogo, ndilekeni ndipumeko, ndili ndi ana." Tinafika ku Lundazi fumbi lili tho m'nsidze, duku lili pa khutu limodzi.

Pa siteshoni ang'wang'wazi, anyamata oitanila anthu m'mabasi aja, anandithamangila ngati ndine mkwatibwi. Wina wagwila chikwama, wina dzanja.

"Agogo, iyi! Atsala malo anu okha, tinyamuka manje manje!"

Ndinasuzumila m'minibasi, zoonadi anthu ali phwamwamwa. Ndinalowa, n'kupeleka moni, "Monile mose." Onse anayankha bwino, anthu aulemu. Tsono ine ndinaleledwa kuti pa ulendo munthu sudya wekha. Dzuwa litakwela, basi isananyamuke, ndinamasula kandolo wanga n'kuyendetsa. Anadya. Ndinayendetsa nshawa. Anadya. Wina wa chipewa chofiila anafunsa ngati ndili ndi mchele.

Kenako ndinaona chinthu. Akabwela munthu ndi katundu, mmodzi mwa anzanga aja ankatsika, ati akukataya madzi, osabwelanso. Wina. Winanso. Wa chipewa chofiila anatsika pomaliza, akutokosa m'mano, n'kukakhala m'basi ina yopanda anthu pafupi pomwepo. Ndinafunsa mayi amene anakhala m'malo mwake.

"Aja si a ulendo, amama," anatelo. "Amapatsidwa kenakake kuti akhale m'basi izioneka yodzaza."

Ndinadyetsa anthu osapita kulikonse! Wa chipewa chofiila anandibaibitsa pa windo ngati m'bale wanga.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka kale. Za msewu sindinganene zambili, chifukwa mutu wanga unali pansi pa thumba la soya la munthu wina mpaka ku Lumezi, ndipo kuchoka pa Lumezi mwendo unafa dzanzi, ndinangouona kuti ndi wanga chifukwa cha nsapato. Ku Chipata Esinati anandilandila n'kundinunkhiza.

"Amama, mukununkha nsomba youma."

"Si ine, ndi amene anandikhalila."

M'mawa mwake ananditengela ku sitolo yojambulila zithunzi, kwa bambo wina wandevu zoyela, aDaka, amene ankagulitsanso makamela. Anatiikila atatu pa tebulo.

Yoyamba inali yakuda, yaikulu, ya mphuno yaitali ngati chisononkho cha chimanga. Ndinainyamula n'kuiyeza m'manja momwe ndimayezela dzungu, n'kuigogoda ndi chala. Yolemela! Ndinaikonda pomwepo, chifukwa kwathu khasu lolemela ndiye khasu, m'phika wolemela ndiye m'phika.

"Iyi ndiye ya akatswili, agogo," anatelo aDaka. "Ijambula ngakhale ntchentche ili pa phili."

"Ine sindifuna ntchentche. Chithunzi chituluka pati?"

"Sichituluka. Chikhala m'kati, mupite nayo ku boma akakutsukileni."

Ndinaitembenuza. Mabatani ali mbwee ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe. Ndinaganiza za ine, amene wailesi ikachoka pa siteshoni ndimadikila mlendo adzaibwezele. Ndinaiika pansi mwaulemu.

Yachiwili inali foni. Esinati anaikankhila kwa ine ndi chigongono.

"Tengani iyi, amama. Mujambula adada, komanso muzitiimbila osavutitsa anyaNgoma."

"Atate ako akaiona aiponya m'khola."

Yachitatu sindinaiyang'ane n'komwe poyamba. Kanthu konenepa, kopepuka, ka pulasitiki, kofiilila ngati kapoto ka mwana. ADaka anainyamula, kuloza Esinati, n'kudina. Phethi! Kuwala. Ndiye inalila pang'ono, n'kutulutsa lilime la pepala. Pepala loyela, lopanda kanthu. Ndinati ndiseke, koma aDaka anati dikilani. Abale, ndikuyang'ana chonchi, pa pepala paja panayamba kuda, panatuluka tsitsi, panatuluka maso, anatuluka Esinati yense ndi mkwiyo wake womwe. Ndinakuwa mpaka anthu a panja anasuzumila.

"Iyi."

"Amama, icho n'choseweletsa ana a anthu olemela!"

"Unati ndisankhe ndekha. Iyi."

Pamenepo aDaka anayamba kufotokoza, Chinyanja pang'ono, Chizungu chambili, atagwila kabokosi m'manja. Esinati amalumbila mpaka lelo kuti aDaka anandiuza zonse, kuti iyenso anabweleza. Mwina. Ine ndinkangoti "ehe, ehe, yewo," monga timachitila kuchipatala, maso ali pa pepala lija. M'mutu mwanga nkhani inali itatha kale. Chinthu chotulutsa kanthu m'mimba mwake ndimachidziwa, ndi nkhuku. Imaikila, imapuma, imaikilanso. Ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo ndinadziona wanzelu polifunsa.

"Imadya chiyani?"

ADaka anaseka. "Mabatile, agogo."

Ndinauza Esinati agule mabatile ambili, kuti isagone ndi njala.

Pobwelela ndinakana kulowa basi ya anthu opanda katundu, nzelu zinali zitabwela. Tinanyamuka bwino m'mamawa. Titangodutsa pa Mgubudu, pansi pa basi panamveka khooo, utsi, fungo la mphila. Dalaivala anatsika, anagona pansi pa galimoto, anatuluka ndi chitsulo chothyoka m'manja n'kuchiyang'ana ngati mwana wake wamwalila. Anaimitsa njinga yamoto n'kubwelela nacho ku Chipata.

"Sachedwa, makolo," anatelo kondakitala. "Manje manje."

Mawu aja ndinali nditawadziwa. Ndinayala chitenje pansi pa mtengo wa msuku.

Tinakhala. Mthunzi unasuntha, ife n'kusuntha nawo. Mabasi ena ankadutsa odzaza, ana akutilozela pa mawindo. Njala itafika anthu anamasula timatumba tawo. Mayi wina wonenepa, wogulitsa tomato, anandipatsa vitumbuwa. M'busa wina wa jekete yonyezimila anandithyolela nzimbe. Mayi wachete wa magalasi, amene anati ndi aphunzitsi, anandithilila tiyi wa m'botolo. Ngakhale kamtsikana kena kochokela kuchipatala ndi khanda lofiila kanandipatsa nthochi. Ine buledi amene anandigulila Esinati anali pamwamba pa basi, pansi pa njinga ndi matilesi. Ndinadya za eni, ndinamwa za eni, manja anga ali lende. Manyazi anandigwila. Munthu wamkulu ngati ine, kudya osabweza?

Ndiye ndinakumbuka kuti ndili ndi nkhuku.

"Inu amake tomato, imani apo."

Phethi! Lilime linatuluka. Anthu anaunjikana, mitu kugundana. Nkhope itatulukila mayi uja anavina ndi pepala lake mpaka pamsewu. Basi, zinayambika. Kondakitala anati ndimujambule atatsamila basi yake yakufayo, mwendo uli pa tayala. Bambo wina anatsitsa pulawo yake yatsopano kuti aonekele nayo. Abusa anaima ndi Baibulo pachifuwa, chithunzi chinatuluka atatsinzina, anati anthu aziti amagona pa ntchito ya Mulungu, ndiwabwelezenso. Ndinawabweleza. Kamtsikana ka khanda kanasendela, ndinati, "Iwe dikila mwana adzuke, ndikujambula pomaliza, tidzaone maso ake."

Mukanandiona! Ine amene dzulo lake sindinkadziwa kutsogolo kwa kamela, ndinkalamula anthu ngati msilikali. "Kwezani chibwano! Tsekani pakamwa! Inu chokani kumbuyoko!" Ankanditcha agogo a zithunzi. Ndinajambula ngakhale munthu wina wongodutsa ndi makala, amene sanali wa basi yathu, chifukwa anandipatsa moni wabwino.

Aphunzitsi aja anali asanapemphe kanthu. Anabwela pambali panga n'kulankhula motsitsa.

"Agogo, mapepala ena mwasunga m'chikwama?"

"Mapepala anji? Ndili ndi mabatile."

Anapempha kamela, n'kuitembenuza, n'kundionetsa kawindo kakang'ono kumbuyo, ngati diso la nkhuku.

"Aka kamanena mapepala otsala m'kati. Siipanga yokha, agogo. Amaikamo, ndipo akatha, atha."

"Nanga kakuti bwanji?"

"Kakuti latsala limodzi."

Aphunzitsi anaimbila Esinati pa foni yawo. Sanafunike kundipatsa kukhutu, mtengo wonse unamva.

"Amama! Si aDaka anakuuzani kuti ndi bokosi lomaliza? Ena achokele ku Lusaka, mwina kutha kwa mwezi! Munkati ehe, ehe, munkavomela chiyani?"

Kutha kwa mwezi. Miyendo ya aZimba sinali yodikila mwezi. Ndinayang'ana anthu aja, aliyense akupepesa chithunzi chake ndi dzanja kuti chiume. Abusa, Mulungu awadalitse, anabwela ndi chotsinzina chija, ati mwina chingathandize. Ndinafunsa aphunzitsi ngati tingachichape ndi sopo n'kuchibwezela m'kati. Kondakitala anaseka mpaka anakhala pansi, kenako ataona nkhope yanga analeka.

Pamenepo ndinamva kamawu kumbuyo kwanga.

"Agogo, wadzuka."

Kamtsikana kaja. Kanali katamupukuta mwana kumaso, katamuveka kachipewa koluka, maso ali phethiphethi. Kanadikila nthawi yonseyi chifukwa ndiko kanali kakang'ono pa tonse, ndipo ine ndinali nditakalonjeza. Nthochi yake inali m'mimba mwanga.

Chibadwile sindinakanizepo munthu chinthu chili m'manja mwanga. Ndinagwila kaphazi ka khanda lija.

"Mwana wanga, uyu wangofika, ali ndi masiku. Wanga wa kunyumba akulongedza. Latsala limodzi, ndipo ndi lake."

Kanagwada pang'ono, n'kunena kuti, "Palibe kanthu, agogo. Mukawapatse moni odwala." Kukanakhala bwino kakananditukwana. Aphunzitsi anamujambula mwanayo ndi foni yawo, koma mtsikanayo analibe foni yolandilila, anangoyang'ana pagalasi n'kumwetulila.

Dalaivala anabwela dzuwa litafiila, ndi chitsulo china. Ine kamela ndinaikulunga m'duku, n'kuibeleka kumbuyo ngati mwana, kuopa kuti wina angadine. Kenako ndinaopa kuti ndiitsamila, ndiye ndinakhala chowelama ulendo wonse. Basi ikagwa m'dzenje ndinkakuwa, "Pang'onopang'ono, adalaivala, mutulutsa aZimba!" Ndinagona ku boma kwa mwana wa mchemwali wanga, m'mawa n'kukwela njinga yamoto yomwe ija. Mwini wake atandiona anapuma mpweya wambili, kusungila.

Ndinawapeza aZimba ali moyo, atakhala pa mpando pa khonde, akukalipila nkhuku. NyaNgoma ndi ine tinawasambitsa, tinawaveka malaya oyela, jekete ya ukwati wa Esinati, chipewa, ndodo m'manja. Buluku linakana kudutsa m'miyendo, ndiye m'munsi tinawafunditsa chitenje changa cha maluwa.

"Ukajambula chitenjechi ndidzakubwelela," anatelo.

Tinawanyamula ndi mpando womwe kuwaika poyela. Ndinaika diso pa kamela. Abale, zimene ndinaona! Akhwimitsa khosi, milomo amanga, maso atong'ola. AMwale a pa chitupa enieni. Ulendo wonse uja, kandolo wanga yense uja, kuti ndidzatenge nkhope ya wakuba nkhuku?

"Sekaniko pang'ono."

"Mwamuna saseka pa chithunzi. Dina."

Chala chinakana. Ndinaima pamenepo thukuta likutsika.

"Ukatha ichi," anatelo, osasuntha milomo, "undijambule china ku khola, ndi ng'ombe zanga."

"Palibe china, aZimba. Pepala ndi limodzi."

"Mwana wako wagula kamela ya pepala limodzi?"

"Analipo ambili."

"Ali kuti?"

Ndinayankha diso lili pa kamela, kuti ndibisale kumbuyo kwake. "Lina lili ndi wogulitsa tomato. Lina kondakitala. Lina pulawo. Awili abusa."

"Abusa a kuti?"

"Sindinawafunse. Lina munthu wa makala."

"Wa makala! Iwe nyaMtonga!" Ndodo inakwela m'mwamba. "Ndinakutuma ku Chipata kuti ukajambule dziko lonse la Zambia? Pulawo ili ndi chithunzi, ng'ombe zanga zilibe?"

"Ndinkayesa imaikila ngati nkhuku."

NyaNgoma anagwa pansi ndi phwete. AZimba anayesa kupitiliza kukalipa, koma chifuwa chinayamba kugwedezeka, mkwiyo ndi kuseka zinakumana pakamwa, ndodo ikali m'mwamba. Ndinaona ngati ikubwela kwa ine, ndinadzidzimuka, chala chinadina chokha.

Phethi!

Lilime linatuluka. AZimba analanda pepala, kuliyang'ana, loyela mbee.

"Palibe munthu," anatelo ndi mawu aang'ono. "Ndiye kuti ndapita kale?"

"Dikilani, inu."

Chinayamba chipewa, chitapendeka. Kenako ndodo. Kenako maso, owala ngati a tsiku limene anabwela kudzandifunsila ali ndi ng'ombe za atate awo pambuyo. Pakamwa pali yasa, theka kukalipa theka kuseka. Chitenje sichinaoneke, Mulungu ndi wabwino. AZimba anachiyang'anitsitsa.

"Uyu ndiye Zimba," anatelo, n'kuchiika m'thumba la jekete. Jeketeyo anakana kuivula mpaka madzulo.

Mwezi usanathe anapita. Ana athu aamuna ochokela ku Lusaka anati chithunzi chotelo sichingatsogolele malilo, n'chopanda ulemu. Ndinati amene sakuchifuna anyamule chitupa cha makutu. Anachikulitsa. Anthu ankafika akulila, akakweza maso n'kuona ndodo ili m'mwamba, kulila kunkathyoka pakati, ena mpaka kugwila pakamwa, kenako n'kulilanso koposa poyamba. AJele, mnzawo woweta naye ng'ombe kuyambila unyamata, anaima patsogolo pa chithunzicho atatsamila ndodo, n'kundifunsa kuti, "Amlamu, apa akukalipila ndani?" Ndinati ine. Anati, "Ndiye kuti anali bwino."

Esinati akugulitsabe zitenje, ndipo nkhani ya nsapato tinaisiya, tsopano amandinena ndi ya nkhuku. Mapepala a ku Lusaka ana aamuna aja anabwela nawo pa malilo, ndinajambula ng'ombe zonse imodzi imodzi, zili pa khoma pafupi ndi mwini wake. NyaNgoma akadali woseka, mano atsala ochepa. Kondakitala uja anapachika chithunzi chake pa galasi la basi, akandiona ku boma amandikhazika kutsogolo. Aphunzitsi ndinamva kuti anawasamutsila ku Mphamba. Abusa sindinawaonenso, kaya akulalikila ndi chiti mwa ziwili zija. Mtsikana wa khanda sindinamufunse mudzi, uchitsilu wina umenewo. Ndikapita ku boma kamela imakhala m'chikwama, pepala lake lili m'kati, ndipo ndimayang'ana ana a pamsana mpaka amayi awo amandikayikila.

Ine mwini sindinajambulidwebe. Esinati wayesa, nyaNgoma wayesa, koma ndikangokhala pa mpando khosi limauma, maso amatong'oka. Amene ankadziwa kundiputa kuti nkhope yanga ituluke anatsogola.